Mbuzi yanga ili pakati, ndalakwa chiyani? Mafunso ndi mayankho pa lamulo la magawo atatu

Ntchito yanga kuno ku Ulónguè ndi kujambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso, koma zithunzi zimene achinyamata amabwera nazo kuti ndiwaonere, zambiri ndi za nyama: ng'ombe kudambo, mbuzi za kumunsi ku Moatize, akakowa, ndipo mwa apo ndi apo mvuu ya ku Cahora Bassa yooneka ngati mwala. Ndikangotchula lamulo la magawo atatu, mafunso amabwera omwewomwewo. Ndawalemba monga mmene amandifunsira titakhala pakhonde, foni ili m'manja.

Amalume, lamulo limeneli ndi lotani, ndipo analikhazikitsa ndani?

Si la boma, mphwanga, palibe adzakulipiritse ukaliswa. Chithunzi chako uchigawe ndi mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, motalikirana mofanana. Patuluka timabokosi 9 ndi mphambano zinayi pomwe mizere yadutsana. Lamulo likuti chinthu chofunika kwambiri chikhale pa imodzi mwa mphambano zinayizo, ndipo pa nyama chinthu chimenecho ndi mutu, makamaka diso. Mzere umene dziko lakumana ndi thambo nawonso usadule chithunzi pakati ngati dzungu, ukhale pa mzere wammwamba kapena wammunsi.

Dzinali analilemba koyamba ndi John Thomas Smith wa ku England mu 1797, kamera kulibe, ndipo iye ankanena za zojambula pamanja. Mizereyo suchita kuiganizira: ili kale m'foni mwako. Lowa m'makonzedwe a kamera ufune mawu oti Grid lines, kapena Grelha ngati foni yako imalankhula Chipwitikizi.

Mbuzi yanga ili pakati penipeni ndipo ikuoneka bwinobwino. Ndalakwa chiyani?

Chithunzi cha mchemwali amene anafunsa funsoli ndikuchikumbukira. Mbuzi yofiirira yaima njo pachulu, kumbuyo kuli mlambe waukulu wopanda masamba. Mbuziyo ili pakati, mlambe nawo pakati, ndiye thunthu likuchita ngati lamera pamsana pa mbuzi. Kumanja ndi kumanzere kuli fumbi lokhalokha. Maso akafika pambuzi palibenso kwina kopita, munthu amangoti "eya, mbuzi," n'kupitirira.

Akanasuntha mapazi atatu kumanja, mbuzi n'kugwera pa mphambano ya kumunsi kumanzere, mlambe n'kuima pa mzere wa kumanja, chithunzicho chikanauza munthu za dziko lomwe mbuziyo imakhala. Aliyense wodziwa msewu wa ku Tete akanazindikira kwawo popanda womuuza. Mbuzi ndi yomweyo, foni ndi yomweyo, chosintha ndi pomwe mwaima basi.

Koma pali nthawi imene pakati mpabwino. Ng'ombe ya Angoni ikakuyang'anani maso ndi maso, nyanga zili uku ndi uku mofanana, linunda likusuzumira kumbuyo, iikeni pakati ndipo idzaze chithunzi chonse. Pamenepo kufanana kwa mbali ziwiri ndiko kukoma kwake. Ine ndikaona chotere za mizere sindizitchula n'komwe.

Ndiike nyama kumanja kapena kumanzere?

Onani kumene yaloza mphuno. Galu akuthamangira kumanja, muikeni kumanzere kuti kutsogolo kwake kukhale malo opitako. Mukamusiya mphuno itagunda m'mphepete, amaoneka ngati akufuna kutuluka m'chithunzi. Ndipo musamadule mapazi, nsonga ya mchira kapena ya nyanga. Ngati mwasankha kudula, dulani molimba mtima, mutu ndi khosi zokha, kuti zioneke kuti munachita dala.

Achimwene, lamulo ndatsata, mutu uli pa mphambano, koma mwanenabe kuti chithunzi sichinakome. Bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndimatha nthawi yambiri pamenepa kuposa pa mizere. Ndikalandira chithunzi cha nyama, choyamba ndimachikulitsa ndi zala mpaka padiso. Diso likakhala lachimbuuzi, zina zonse zagwa, ngakhale mizere itatsatidwa chotani. Foni ikasiyidwa yokha imakonda kugwira chinthu chimene chili pafupi kapena chowala kwambiri: udzu wakutsogolo, mphuno, mtengo wa khola. Gwirani ndi chala pa sikirini pomwe pali diso musanajambule. Pa kamera yaikulu sankhani kadontho kamodzi ka fokasi n'kukaika padiso limene lili pafupi ndi inu.

Chachiwiri ndi msinkhu. Pafupifupi zithunzi zonse za nkhuku, agalu ndi ana a mbuzi zimene amandionetsa, wojambula anali chiimire, foni italoza pansi. Chimene chimatuluka ndi msana wa nyama ndi dothi. Gwadani. Nkhuku ikakhala ndi anapiye, gonani chafufumimba, akuseka asekeretu. Kamera ikafika pa msinkhu wa diso la nyama, dothi la kumbuyo limapita kutali n'kusungunuka, ndipo nyamayo imaoneka ngati mnzanu amene mukucheza naye.

Chachitatu ndi kadontho kowala m'diso. Diso la ng'ombe ndi lakuda bii, popanda kuwala limaoneka ngati dzenje. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa phewa lanu, ng'ombe n'kutembenuza mutu pang'ono, m'disomo mumatuluka kanyenyezi, nkhope yonse n'kudzuka. Simungaiuze ng'ombe kuti itembenuke, mumangodikira chala chili pabatani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito ino mawuwo si mwambi chabe: tsiku lina m'dzinja ndinakhaladi chogwada kudimba mpaka nkhono itatulutsa tinyanga take, maso ali kunsonga.

Kakowa wanga watuluka woyera mbee, nthenga sizikuoneka, pomwe ng'ombe yomwe ali nayo yada ngati khala. Foni ndi yoipa?

Foni ilibe mlandu. Kamera siingakwanitse choyera kwambiri ndi chakuda kwambiri nthawi imodzi monga amachitira maso athu. Poona ng'ombe yakuda imawonjezera kuwala, kakowa n'kupsa. Choyera chikapsa sichibwereranso, koma chakuda chimatheka kuchidzutsa pang'ono pokonza. Choncho tetezani kakowa. Pa foni, mukagwira pa sikirini pamabwera kadzuwa, katsitseni mpaka nthenga zioneke. Pa kamera, batani la +/- muliike pa -1.

Komabe vuto lalikulu ndi nthawi. Chithunzicho chinajambulidwa dzuwa lili paliwombo, pamene mthunzi umagwera m'maso ndi kunsi kwa mimba. Kuno dzuwa limatuluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko malinga ndi nyengo, ndipo ola loyamba ndi lomaliza la tsiku ndiwo a wojambula. Ife a ku Angónia ndi Tsangano tili ndi mwayi wa chifunga cha mu Juni ndi Julayi: ng'ombe zikutuluka m'khola, mpweya ukufuka m'mphuno, palibe amene angachikane chithunzi chimenecho. Anzathu a kumunsi kwa Zambezi zawo ndi zina. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umapitirira madigiri 40, mpweya wa pamwamba pa nthaka umanjenjemera, utsi wa lupsa n'kuwonjezera. Chilichonse chakutali chimaoneka chosungunuka ngakhale lenzi ikhale yodula chotani. Masana a nyengo imeneyo bwezerani kamera m'chikwama, kakhaleni pamthunzi.

Nkhwazi inali kuuluka, koma chatuluka ndi chimzukwa. Manambala ake ndi ati?

Kugwedera kuli pawiri, kwa manja anu ndi kwa nyama. Kwa manja kuli ndi lamulo lakelake: liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatseguka kanthawi kochepa kuti kuwala kulowe m'kamera, lisachepere nambala ya utali wa lenzi. Lenzi ya 300mm imafuna 1/300 ya sekondi. Makamera ambiri otsika mtengo a Nikon amachulukitsa utali wa lenzi ndi 1.5, a Canon ndi 1.6, ndiye pa 300mm yambirani pa 1/500.

Kwa nyama, ng'ombe yobzikula 1/250 yakwana, mbuzi yodumpha 1/1000, mbalame youluka 1/2000 ngati kuwala kulipo. Tsegulani bowo la lenzi lolowera kuwala mpaka pomwe limathera, pa malenzi ambiri otchipa ndi f/5.6, kenako kwezani ISO, nambala yowalitsa chithunzi kuwala kukachepa, mpaka 800 kapena 1600 osaopa. Timchenga timene ISO yokwera imabweretsa m'chithunzi munthu amatikhululukira, mapiko osungunuka ayi. Wa foni afune m'kamera pomwe alemba Pro, posinthira manambalawa, ngati palipo. Ngati palibe, ajambule kukuwala, zigongono zili pamimba, ndipo ajambule zambirimbiri motsatizana n'kusankhapo chimodzi.

Amalume, mvuu inali kutali ndiye ndinazuma mpaka kumapeto. Ndikanayandikira?

Ayi, mphwanga, ndipo pamenepa sindiseka. Mvuu pamtunda imathamanga kuposa iwe, ndipo ikakhala ndi mwana, kapena ukaima pakati pa iyo ndi madzi, siifunsa kuti wabwera ndi foni kapena mkondo. Pagombe pomwe ukufuna kugwadapo, ng'ona inafikapo kale. Langizo langa logwada ndi kugona pansi ndi la pakhomo ndi kubusa, osati m'mphepete mwa Zambezi. Asodzi a kumeneko akakuuza kuti apa ayi, wamva.

Zumu ya foni, kupatula pa mafoni okhala ndi lenzi yapadera yoonera kutali, imangodula chithunzi n'kuchifufumitsa. Chithunzi cha mamegapikiselo 12, kutanthauza timadontho 12 miliyoni topanga chithunzicho, ukachidula theka m'litali ndi theka m'lifupi, otsala ndi atatu okha. Nchifukwa chake mvuu yako yaoneka ngati phala. Ine ndinaphunzira movutika: ndinapita ku Zumbo, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, n'kubwerako ndi mulu wa zithunzi za timakutu tiwiri pamadzi, chosindikiza panalibe.

Nyama ikakhala kutali, apa mpomwe lamulo la magawo atatu limakupulumutsa. Leka kuzuma. Jambula nyanja yonse, madzi atenge magawo awiri, mapiri ndi thambo gawo limodzi, mvuuzo zikhale timadontho pa mphambano ya kumunsi, mwina bwato la msodzi mbali inayo. Onetsetsa kuti mzere wa madzi wawongoka, poti nyanja yopendekeka imaoneka ngati ikukhuthukira m'thumba. Ukafuna njovu, pita ku Parque Nacional de Mágoè, yomwe boma linakhazikitsa mu 2013 kummwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, ndipo uyende momvera oyang'anira nkhalango. Kuponya mwala kuti nyama idzutse mutu, kapena kugwedeza chisa kuti mbalame iuluke, chithunzi chotero kwa ine usabwere nacho.

Mumatchula za kumbuyo kawirikawiri. N'zofunika motero?

Kwambiri. Pulasitiki yabuluu yakodwa paminga, mtengo wa magetsi wotuluka pamutu pa bulu, mwendo wa mbusa wolowa pakona. Musanadine batani, yendetsani maso m'makona onse anayi. Nthawi zambiri phazi limodzi kumbali limachotsa zonsezo.

Ndikafuna kuti mundionere, nditumize bwanji, ndipo ndiyambe ndachikonza?

Pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira yawamba imachepetsa chithunzi, ndiye diso sindingaliweruze. Sankhani zitatu, osati makumi anayi. Kusankhako ndi theka la maphunziro. Mundiuze nthawi imene munajambula, foni kapena kamera yake, ndi chimene munkafuna kuti munthu aone.

Kuwongola mzere, kudula pang'ono kuti mutu ufike pa mphambano, kudzutsa mthunzi, zonsezo chitani. Koma utoto musamathire ngati mchere wa m'kapenta. Udzu wa mu Seputembala ndi wouma, wofiirira, ndipo mukausandutsa wobiriwira ngati wa mu Febuluwale, ife a konkuno timaona. Tumizaninso choyambirira chosakonza kuti ndifananize.

Pobweza ndimanena chimodzi chimene chakoma ndi chimodzi choti mukonze, osapitirira, chifukwa munthu ukamuuza zolakwa zisanu ndi ziwiri sagwirapo n'chimodzi chomwe. Mchemwali wa mbuzi ija ndinangomuuza zosuntha mapazi. Patapita mlungu anatumiza china: mbuzi yomweyo, chulu chomwecho, mlambe uli kumanja, dzuwa la m'mawa lili m'diso. Mchira anaudula. Za mchirazo ndidzamuuza akatumiza chachitatu.