Lateef Jakande, gavanala amene anathetsa sukulu zosinthana ku Lagos

Kwathu kuno tikamva za gavanala timaganiza za mkulu wa chipani m'chigawo kapena wa banki yaikulu ya dziko. Ku Nigeria udindowu ndi wolemera kuposa pamenepo. Dzikolo lili ndi zigawo 36, ndipo chilichonse chili ndi boma lakelake: nyumba ya malamulo, bajeti, ndi gavanala wochita kuvoteredwa ndi anthu. Gavanalayo amasankha nduna zake, zomwe amazitcha makomishonala, ndipo sukulu, zipatala ndi misewu yambiri zili m'manja mwake. Kuyambira 1978 lamulo linaikanso malo onse a m'chigawo m'manja mwa gavanala kuti aziwayang'anira m'malo mwa anthu. Ndalama zina amatolera pa misonkho ya m'chigawo, zina zimachokera ku thumba la dziko lonse lomwe limadalira mafuta. Munthu wokhala pa mpando wotere angathe kusintha moyo wa anthu mamiliyoni m'zaka zochepa, ndipo mmodzi amene anachitadi zimenezi ndi a Lateef Jakande, gavanala wa Lagos kuyambira 1979 mpaka 1983.

A Jakande anabadwira mu Lagos momwemo pa 23 Julayi 1929. Ntchito yawo inali ya utolankhani. Anayamba ku nyuzipepala ya Daily Service mu 1949, kenako mu 1953 anapita ku Nigerian Tribune, ya a Obafemi Awolowo, mtsogoleri wandale wotchuka wa kumadzulo kwa dzikolo. Pofika 1956 anali mkonzi wamkulu. Ubale wa awiriwa unali wozama, moti a Awolowo atamangidwa mu 1963 pa mlandu wofuna kugwetsa boma, a Jakande analowa nawo ndende, ndipo anatulutsidwa mu 1966. Anthu ankawatchula kuti Baba Kekere, bambo wamng'ono, poti bambo wamkulu anali a Awolowo.

Asilikali atabweza boma kwa anthu wamba mu 1979, chipani cha a Awolowo cha Unity Party of Nigeria chinalephera pa mpando wa pulezidenti, womwe unapita kwa a Shehu Shagari, koma chinapambana m'zigawo zisanu mwa 19 za nthawiyo. Lagos inali imodzi mwa izo. Chipanicho chinali chitalonjeza maphunziro aulere ndi chithandizo cha kuchipatala chaulere, ndipo pa 1 Okutobala 1979 a Jakande analowa mu ofesi ngongole ya lonjezolo ili pamutu.

Vuto linali lalikulu. Lagos inali likulu la dziko, anthu ankakhamukirako tsiku ndi tsiku, ndipo sukulu zinali zochepa kwambiri moti ana ankaphunzira mosinthana: ena m'mawa, ena masana, m'chipinda chomwecho. Mwana wa masana ankalowa m'kalasi dzuwa litatentha, aphunzitsi atatopa, ndipo maola ake ophunzira anali operewera. A Jakande anaganiza zoti mwana aliyense azilowa m'mawa. Kuti zimenezi zitheke panafunika zipinda masauzande ambiri mwamsangamsanga, ndiye anasankha pulani imodzi yotsika mtengo n'kuimanga ponseponse: mdadada wautali wopanda nsanjika, denga la malata, makoma osakongoletsa, mpata woti mphepo izidutsa. Otsutsa ankaseka kuti amenewa ndi makola a nkhuku.

Kunyozako kunali ndi pogwira, chifukwa zipinda zina zinkatentha, zina zinawonongeka msanga, ndipo aphunzitsi odziwa ntchito sanachuluke mofulumira ngati ana. Ife tikuzidziwa zimenezi, poti nafenso pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anadzadza m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Komabe ine ndimaona kuti a Jakande anasankha bwino. Ndalama ya bajeti ili ndi malire. Ukamanga sukulu khumi zokongola, ana a m'sukulu zina zana adikire, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangadikire zaka khumi kuti boma lilemere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kusinthana kuja kunathadi, ndipo mu 1983 anakhazikitsanso yunivesite ya chigawo, Lagos State University, ku Ojo.

Pomwe anapitirira muyeso ndi pofuna kuthetseratu sukulu za pulayimale zomwe si za boma, kuti mwana wa wolemera ndi wa wosauka azikhala pa benchi imodzi. Akibishopu wa Katolika ku Lagos, a Anthony Okogie, anatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu 1981 khoti linagamula kuti anthu ali ndi ufulu wotsegula sukulu zawo. Cholinga chinali chabwino, koma gavanala alibe mphamvu yolanda makolo ufulu wosankha kumene mwana wawo aphunzire.

Nzeru yomweyo ya pulani imodzi yotchipa anaigwiritsanso ntchito pa nyumba. Poti malo anali m'manja mwa boma, anamanga midadada ya nyumba zogona anthu opeza pang'ono ku Amuwo-Odofin, Iponri, Abesan, Oke-Afa ndi madera ena, n'kuzigulitsa pa mtengo woti kalaliki kapena mphunzitsi angakwanitse. Mpaka lero anthu amangozitchula kuti za Jakande. A Jakande eni ake sanasamukire ku nyumba ya boma. Anakhalabe m'nyumba yawo ku Ilupeju, akuyendera Toyota Crown yawoyawo, ndipo zimenezi zinkapangitsa kuti akauza anthu kuti ndalama ndi zochepa, anthu awakhulupirire.

Anthu anawasankhanso mu 1983, koma pa 31 Disembala chaka chomwecho asilikali analanda boma, a Muhammadu Buhari n'kukhala mtsogoleri. Magavanala anatsekeredwa, ambiri n'kugamulidwa zaka zambirimbiri pa milandu ya katangale. A Jakande nawo anatsekeredwa, koma sanapezeke ndi mlandu wakuba. Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi njanji ya sitima yonyamula anthu mumzinda, yomwe anali atayamba mu 1983. Boma la asilikali linaithetsa mu 1985. Anthu a ku Lagos anakhala akuphikika m'minibasi pa mizere ya magalimoto yosasuntha mpaka Sepitembala 2023, pomwe sitima ya Blue Line inayamba kuyenda kuchokera ku Marina kukafika ku Mile 2.

Mbiri ya a Jakande ili ndi banga lomwe sindingalibise. Pa 12 Juni 1993 kunachitika chisankho cha pulezidenti chomwe a Moshood Abiola ankatsogola, koma asilikali anachifafaniza. Mu Novembala mkulu wa asilikali a Sani Abacha analanda boma, ndipo a Jakande anavomera kukhala nduna ya zomangamanga ndi nyumba. Iwo ankati analowamo atagwirizana ndi anzawo a mbali ya a Abiola. Mwina zinalidi choncho poyamba. Koma a Abiola atamangidwa mu 1994, anzawo omenyera demokalase akutsekeredwa ndi kuthawira kunja, a Jakande anakhalabe pa unduna mpaka 1995. Munthu amene analawapo ndende kawiri chifukwa cha ndale ankadziwa bwino zomwe anzakewo ankakumana nazo, ndipo anayenera kutula pansi udindo.

Anzawo akale a ndale za a Awolowo sanawakhululukire. Demokalase itabwerera mu 1999, mpando wa Lagos unapita kwa a Bola Tinubu, mmodzi mwa amene anathawira kunja nthawi ya a Abacha, ndipo a Jakande sanakhalenso pa udindo wosankhidwa mpaka pomwe anamwalira pa 11 Febuluwale 2021 ali ndi zaka 91.