Kachida ka m'shedi kamene kanganamize ndege

Masetilaiti a GPS, amene amathandiza zida kudziwa malo pomwe zili, amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo mphamvu imene amaulutsira siginolo yawo siisiyana kwenikweni ndi ya babu la m'nyumba. Pofika pansi pano siginoloyo imakhala itafookeratu, pafupifupi -130 dBm (dBm ndi muyezo wa mphamvu ya siginolo; -130 ndi yofooka kuposa -77), moti imamira m'phokoso la mu risiva, chida choilandira, momwemo. Foni kapena tiraka, kachida kolondolera komwe galimoto ili, imaitola chifukwa imadziwiratu kale kayimbidwe kake. Choncho chida chilichonse chapafupi chimene chingalankhule pa mafunde a 1575.42 MHz, pomwe pamadutsa GPS ndi inzake ya ku Ulaya yotchedwa Galileo, chimaikwirira mosavuta.

Pa zida zotere tikambe za mitundu iwiri, jammer ndi repeater, poti anthu amaopa mtundu umodzi wokha.

Jammer aliyense amaidziwa kuti ndi yoipa. Ndi kabokosi kolowetsa posoketi ya laita m'galimoto, ntchito yake kuthira phokoso kuti tiraka isaone komwe ili. Vuto n'lakuti phokosolo silithera pagalasi la galimoto. Mu 2012 dalaivala wina ku America anaika kachida kotere m'galimoto ya kampani pofuna kubisalira abwana ake, koma kanasokoneza zida zothandiza ndege kutera pabwalo la Newark. Mu 2013 bungwe la FCC, loyang'anira mafunde a wailesi ku America, linamulembera chindapusa cha madola 31,875. Pa jammer malamulo ambiri sazungulira: kugulitsa, kuitanitsa kunja ndi kuyatsa, zonse n'zoletsedwa kwa munthu wamba.

Nkhani yovuta ili pa repeater, chida cholandira siginolo ya GPS n'kuiulutsanso, chifukwa ichi ndi chida cha ntchito yabwino. GPS silowa bwino m'nyumba za malata kapena za konkire. Ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto ikakhala m'garaji imatha kutaya siginolo, n'kutenga nthawi kuti iipezenso ikatuluka. Amakaniko a ndege nawo amafuna kuyesa zida ndege ili m'shedi. Ndiye amaika eriyo padenga, chingwe cha coaxial n'kutsika nacho mkati, kudutsa mu ampulifaya, mpaka pa eriyo yachiwiri imene imamwaza siginoloyo m'nyumbamo.

Apa pali chinthu chimene ogula ambiri sachidziwa. Risiva imapeza malo ake poyerekeza nthawi imene siginolo za masetilaiti anayi kapena kuposerapo zafikira. Siginolo zonsezo zikadzera pa eriyo imodzi ya padenga, kusiyana kwa nthawi zake kumakhala kwa padengapo. Ndiye risiva iliyonse yomvera repeater imanena kuti ili padenga paja, kaya ili pakhomo, kaya pakona. Nthawi nayo imachedwa: chingwe wamba chimachedwetsa siginolo ndi ma nanosekondi pafupifupi 5 pa mita iliyonse (sekondi imodzi ili ndi ma nanosekondi biliyoni imodzi), kutanthauza 150 pa chingwe cha mamita 30. M'garaji zimenezi zilibe kanthu. Koma siginoloyo ikatayikira kunja, risiva ya wina imamva mawu awiri, enieni ochokera kumwamba ndi obwereza amphamvu, ndipo imatha kutsata amphamvuwo. Jammer imangochititsa risiva khungu, woyendetsa n'kudziwa kuti zavuta. Repeater yotayikira imaipatsa malo abodza ooneka ngati oona. Zinachitikapo pabwalo la ndege la Hannover ku Germany mu 2010, pamene repeater ya m'shedi yamphamvu mopitirira inachititsa ndege kuonetsa malo olakwika ndi kupereka machenjezo abodza.

Ngozi ina ndi yofanana ndi ija ya kutchalitchi, maikolofoni ikayandikira sipika n'kuyamba kulira. Eriyo ya padenga ikamva zotuluka pa eriyo ya mkati, ampulifaya imakweza mawu ake omwe mobwerezabwereza, repeater n'kusanduka jammer mwini wake osadziwa. Kawirikawiri chimayambitsa ndi denga la pulasitiki loonekera, chitseko chachikulu chosiyidwa chotsegula, kapena munthu amene wakweza ampulifaya mpaka kumapeto kuti siginolo ifike paliponse.

N'chifukwa chake malamulo a repeater amaluma pa mphamvu ndi pa malo. Ku Ulaya, malangizo a mu 2010 a ECC, komiti yoona za mafunde a wailesi, pamodzi ndi muyezo wa EN 302 645 wa ETSI, bungwe lokonza miyezo, amati kukweza konse, kuwerengera ma eriyo onse awiri ndi ampulifaya n'kuchotsera zotayika m'chingwe, kusapose 45 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa siginolo), ndipo zotuluka zisapose -77 dBm. Chida chikhale malo amodzi odziwika, m'kati mwa nyumba, ndi chilolezo chakechake. Cha m'galimoto yoyenda sichiloledwa, poti chikasokoneza palibe angachilondole. Ku Britain chilolezocho chimachokera ku Ofcom, bungwe loyang'anira mafunde kumeneko. Ku America n'kothina kwambiri: kunja kwa nthambi za boma, FCC imalola pa laisensi ya zoyesera basi, ndipo muyezo wake ndi woti pa mamita 30 kuchokera panyumbayo siginolo isapose -140 dBm.

Manambalawa ndi osavuta kuwerengera. Eriyo ya padenga ya 35 dB, chingwe chodya 10 dB, ampulifaya ya 20 dB ndi eriyo ya mkati ya 3 dB zimapereka 48 dB, mwapitirira kale. Mankhwala ake ndi kuika pa chingwe attenuator, kachida kochepetsa mphamvu, ya 3 dB kapena kuposerapo. Eriyo ya mkati iloze pansi, italikirane ndi zitseko, ndipo pakati pa iyo ndi ya padenga pakhale malata kapena konkire. Mukamaliza, zungulirani nyumbayo kunja ndi risiva zitseko zili zotsegula. Ikapitiriza kuonetsa malo a eriyo ya padenga muli panja, tsitsani mphamvu. Ngati chofuna GPS ndi makina amodzi okha, monga wotchi ya netiweki, repeater siikufunika n'komwe: kokani chingwe kuchokera padenga mpaka pa makinawo.

Kuno kwathu mafunde a wailesi amayang'aniridwa ndi MACRA, ku Zambia ndi ZICTA, ku South Africa ndi ICASA. Zida zimenezi zimapezeka pa intaneti motchipa, zambiri zopanda sefa yotsekereza mafunde osafunika komanso zosalembedwa mphamvu yake yeniyeni. Wofuna repeater ayambire ku bungwe loyang'anira mafunde asanaitanitse, atanyamula pepala la wopanga loonetsa mphamvu ya chidacho, malo enieni a nyumbayo ndi mtunda wake kufika pabwalo la ndege lapafupi.