Nthambi za pulogalamu ndi tsiku loitulutsa

Wogwira ntchito pachipatala kuno ku Dedza akamalowetsa chiwerengero cha odwala malungo mu DHIS2, pulogalamu yapakompyuta yosungira ziwerengero za zaumoyo, mwina sadziwa kuti pulogalamuyo imalembedwa ndi anthu a m'mayiko osiyanasiyana motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndiponso kuti aliyense ali ndi ufulu woona mmene inalembedwera ndi kupereka maganizo oisintha. Nanga anthu ochuluka chotere amatha bwanji kukonza chinthu chimodzi popanda wina kufufuta ntchito ya mnzake?

Ambiri amadalira Git, chida chimene Linus Torvalds anapanga m'chaka cha 2005 pofuna kusamalira ntchito ya Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta imene iye anayambitsa. Git imasunga mbiri ya kusintha kulikonse pamodzi ndi dzina la wosinthayo, tsiku lake ndi chifukwa chimene wapereka. Imalolanso munthu kuphukitsa nthambi yake, imene olemba mapulogalamu amangoti branch. Nthambi yaikulu, imene ambiri masiku ano amaitcha main, ili ngati munda umene banja lonse limadalira, pamene nthambi yaing'ono ili ngati nazale imene mlimi wa tomato ku Bembeke amayeserapo mbewu yachilendo. Mbande zikakula bwino amaziokera m'munda, zikakanika amangozisiya munda uli bwinobwino. Kuokerako ndi kumene timati merge, ndipo kawirikawiri sikuchitika mpaka anzake a wolembayo atawerenga ndi kuyesa zimene walembazo.

Vuto limabwera nthambi ikakhalitsa. Munthu akatha miyezi itatu akulemba payekha, main imakhala itasintha kwambiri, moti pobwerera amapeza kuti wina anasintha kale mizere yomweyo. Pamenepo Git imaima n'kunena kuti pali conflict, ndipo munthu ndiye amasankha mzere ndi mzere choti chitsale. Ine ndimalangiza kuti nthambi isapitirire masiku ochepa, ndipo ntchito yaikulu igawidwe m'tizigawo. Ambiri malangizowa sawakonda chifukwa amachita manyazi kuonetsa ntchito yosamalizika.

Tsiku lotulutsa pulogalamu ndiye limautsa mkangano. Pamsika wa Lizulu, lole yonyamula mbatatesi nthawi ikakwana imanyamuka, ndipo thumba limene silinasokedwe limadikira lole yotsatira. Linux imayenda chimodzimodzi: kwa masabata awiri Torvalds amalandira zinthu zatsopano, kenako amatseka chitseko n'kutulutsa Linux yoyeserera yoyamba yotchedwa rc1, ndipo sabata iliyonse pamatuluka ina yokonza zolakwika zokha, kawirikawiri mpaka rc7. Zotsatira zake n'zakuti Linux yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 alionse. Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomangidwa pa Linux, nayo imatuluka mu Epulo ndi mu Okutobala chaka chilichonse, ndipo nambala yake imanena chaka ndi mwezi, moti 24.04 inatuluka mu Epulo 2024. Njira imeneyi ndimaiona yabwino kuposa kudikira kuti zonse zimene anthu analonjeza zithe, chifukwa wochedwa amadziwa kuti lole ina ikubwera, choncho sakankhira m'kati ntchito yosayesedwa.

Pulogalamu ikatuluka, eni ake amaipatulira nthambi yakeyake imene siilandiranso zatsopano. Cholakwika chikapezeka, kawirikawiri amayamba achikonza mu main, kenako amatola chokonzacho chokha n'kuchiika m'nthambi yakaleyo, kuopa kuti cholakwikacho chingadzabwerere m'tsogolo. M'mapulogalamu ambiri, nambala ngati 2.4.1 imafotokoza zimenezi: yomaliza ikasintha ndiye kuti angokonza zolakwika, yapakati ikasintha pabwera zatsopano zosasokoneza zakale, koma yoyamba ikasintha muyambe mwawerenga bwino musanaike, chifukwa zina zimene munazolowera zikhoza kusiya kugwira ntchito.

Kwa sukulu kapena ofesi ya ku Ntcheu imene ilibe katswiri wa makompyuta pafupi, ndiponso imagula bandulo ya intaneti movutikira, ndi bwino kusankha Ubuntu yolembedwa LTS, imene imatuluka kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse ndipo imalandira zokonza zachitetezo kwa zaka zisanu, pamene zinazo zimasamalidwa kwa miyezi 9 yokha.