Nyumba yakale ku Mufakose yatchipa? Dikirani kaye, tione faelo ya ku khonsolo

Ndine loya wa zamalo ndi manyumba kuno ku Harare, ndipo abale athu a ku Malawi akalowa mu ofesi funso limakhala limodzimodzi: "Achimwene, tapeza nyumba ku Highfield, mwini wake akuti ndalama mawa, tipereke?" Ine ndimafunsa, title deed, chikalata cha boma chosonyeza mwini malo, mwaiona? Amati ayi koma bilu ya madzi ili m'dzina lake. Eee, bilu ya madzi sigulitsa nyumba abale anga.

Nkhani yake ndi iyi. Nyumba zambiri zakale za mmalokesheni ngati Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara zinamangidwa nthawi ya atsamunda kuti antchito akuda azilipira lendi, ndipo agogo athu ambiri ochokera ku Nyasaland anakhala mmenemo. Ufulu utabwera mu 1980 anthu anapatsidwa mwayi wogula nyumbazo pang'onopang'ono kudzera mu mgwirizano wa lizi ndi khonsolo, koma ambiri atamaliza kulipira sanakatenge title deed, mwina ndalama za loya zinasowa, mwina anangoona kuti makiyi ali nawo basi zakwana. Ndiye mpaka lero malowo pa pepala ndi a khonsolo, ndipo amene akukugulitsaniyo zomwe ali nazo ndi ufulu wake wa mu mgwirizano uja basi.

Kugula kotereku timati cession. Wogulitsa ndi wogula mumapita limodzi ku ofesi ya zanyumba ya khonsolo, likulu lake lili pa Remembrance Drive ku Mbare, khonsolo ivomere, dzina lisinthidwe mu faelo. Popanda zimenezo kapepala komwe mwasainirana pakhonde, kaya kadindidwa sitampa zingati, sikakusandutsani mwini nyumba, ndipo wogulitsa akakhala wachinyengo angathe kugulitsanso kwa munthu wina inu muli phee kudikira kusamuka.

Pomwe ndimaona anthu athu akugwa kwambiri ndi pa nyumba za amalemu. Bambo anamwalira kalekale, faelo ikadali m'dzina lawo, mwana wamkulu yemwe akukhala mnyumbamo ndi amene akugulitsa, pomwe alongo ake ali ku Johannesburg wina anabwerera kumudzi ku Dedza sakudziwa kanthu. Mwanayo alibe mphamvu yogulitsa ngakhale atakhalamo zaka 40. Chuma cha malemu chimayenera kulembetsedwa kwa Master wa High Court, mkulu woyang'anira chuma cha amalemu, pasankhidwe woyendetsa chumacho, ndiye iyeyo apeze chilolezo cha Master chogulitsira nyumba. Ndinaonapo mayi wina atapereka madola ake onse a bizinezi ya kaunjika kwa mnyamata wotereyu, atayamba kale kupenta zipinda kunatulukira azichemwali awiri a mnyamatayo ndi loya wawo. Mlanduwo unadya nthawi ndi ndalama zoti akanamangira nyumba ina.

China chomwe chimavutitsa ifeyo makamaka ndi mayina. Makalaliki akale ankalemba mmene amvera, Phiri kukhala Piri, ena ankalembetsa dzina la ku ntchito kapena la amalume awo, ndiye faelo ikuti munthu wina chitupa chikuti munthu wina. Palinso aja zitupa zawo zakale zinali ndi chilembo A cha mlendo, omwe malamulo a dziko a 2013 anawatsegulira njira ya unzika ngati anabadwira kuno, ena atasintha zitupa sanakauze khonsolo. Zimakonzeka, koma wogulitsa azikonze musanapereke ndalama.

Ngati ndi lizi yeniyeni ya zaka zambiri, werengani zaka zotsala osati zomwe zalembedwa pamwamba. Lizi ya zaka 99 yoyamba mu 1960 itha mu 2059, ndiye "99" amene akukuimbirani m'makutuyo wadyedwa kale. Zaka zikamachepa mtengo umatsika, ndipo mabanki amachita manyazi kubwereketsa ndalama pa lizi, amafuna title deed. Lizi ya zaka 10 kupita mtsogolo iyenera kukhala yolembetsedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za malo, loya angathe kukafufuza. Werenganinso zoletsa zake, ma lizi ena sakulolani kuika anthu olipira lendi kapena kumanga chilichonse eni malo asanavomere.

Za nyumbayo payokha sinditaya nthawi, maso muli nawo, denga la asibesitosi losweka ndi mapaipi adzimbiri mudzaona. Chomwe simudzaona ndi pulani. Zipinda zowonjezera ndi kakoteji ka kuseri komwe akukutamira kuti kamabweretsa lendi, funsani pulani yovomerezeka, ikasowa vuto la khonsolo likhala lanu.

Ngongole ya mareti, msonkho wa nyumba wa ku khonsolo, imayenera kulipidwa yonse, ndipo ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho, imafuna msonkho wake wa capital gains, wa pa phindu la kugulitsako, kwa wogulitsa, zikalata zosonyeza kuti ziwirizo zalipidwa zioneke. Ejenti wogulitsa nyumbayo akhale wolembetsedwa ku Estate Agents Council, bungwe loyang'anira maejenti, ndipo ndalama ziikidwe mu trust account ya loya, akaunti yomwe amasungiramo ndalama za makasitomala, mpaka dzina lanu litalowa mu faelo. Wogulitsa akayamba zoti loya achedwetsa, ali ndi maliro kumudzi basi yake inyamuka ku Mbare Musika madzulo ano, muuzeni apite bwino akalire, mukumana Lolemba pa Remembrance Drive.