Ntchito iliyonse ikhale ndi kope lake

Mmisiri wina womanga nyumba anafika ku ofesi kwanga atanyamula jumbo yodzaza ndi marisiti, ena atafufutika ndi thukuta, ena ali ndi zala za simenti. Chaka chimenecho ntchito sizinamusowe. Pa nthawi imodzi anali ndi masayiti atatu mu Lilongwe: mpanda ku Area 25, nyumba yayikulu ku Area 49, ndi kabafa koikamo matailosi ku Kawale. Koma pofika Januwale fizi ya ana inamukanika.

"Achimwene, ndalama ndimazigwira ndithu, koma kumene zikulowera sindikukuona," anatero.

Ndinamufunsa kuti pa ntchito zitatuzo, yomwe yamupatsa phindu ndi iti. Anayang'ana jumbo ija, kenako n'kuseka. Sanathe kuyankha, ndipo si iye yekha. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za zomangamanga, ndipo funso limeneli ndafunsapo akalipentala, okoka mapaipi a madzi, oika magetsi, openta ndi owotcherera. Ambiri amadziwa bwino lomwe mtengo umene anatchula kwa mwini nyumba. Ochepa okha ndi amene amadziwa ndalama zimene ntchitoyo inadya.

Chimene chimabisa vutoli ndi dipoziti. Mwalandira ndalama yoyambira nyumba ya ku Area 49, koma mpanda wa ku Area 25 watsala ndi matumba khumi a simenti, ndipo ndalama yake inatha kale. Mutapa pa dipoziti yatsopanoyo n'kumalizira mpanda. Nyumba nayo ikafika pa bimu, mudikira dipoziti ya ntchito ina. Malinga ngati ntchito zatsopano zikubwera, m'thumba mumakhala kanthu, ndipo munthu umadziona ngati zikuyenda. Mvula ikayamba, anthu n'kuika mtima pa feteleza, ntchito zimachepa, ndipo dzenje lija limaonekera lonse kamodzi. Apa ndi pomwe makontrakitala ena amathawa sayiti, ena amapita kwa akatapila. Anthu amati ndi akuba. Akuba alipo ndithu, koma ambiri amene ndawaona ine ndi anthu oti anataya ndalama pa ntchito ya miyezi isanu yapitayo osazindikira.

Tinakhuthula jumbo ija pa tebulo n'kuyamba kupatula marisiti milu itatu. Tiyeni titsatire mulu wa mpanda.

Mpanda wa mamita 30 m'litali ndi mamita 2 kupita m'mwamba ndi masikweya mita 60. Mabuloko a simenti aakulu aja, a masentimita 40 m'litali ndi 20 msinkhu mukaphatikiza ndi dothi lomangira, amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi. Ndiye kuti mabuloko 750. Samu imeneyi mmisiri aliyense amaikhoza, ngakhale pamchenga ndi kamtengo. Simenti, mchenga, miyala ya kwale ya m'maziko, waya, zonsezi zinali mu kotesheni yake, ndipo sanaphonye kwambiri.

Zimene munalibe ndi izi. Mabuloko amasweka potsitsa pa lole, ena mumadula m'makona, choncho anakagulanso ena pafupifupi 40, ndipo 40 amenewo anafunanso galimoto yawoyawo. Pulotiyo inali yatsopano, mpopi unali usanafike, ndiye amayi awiri ankatunga madzi n'kumalipidwa pa ndowa, tsiku ndi tsiku kwa milungu iwiri. Risiti ya zimenezi palibe, tinachita kuzipeza mu mauthenga a Airtel Money pa foni yake. Panali ufa ndi ndiwo za aganyu masana. Panali mlonda wa usiku, chifukwa simenti siigona yokha pa sayiti. Panalinso masiku awiri amene simenti inachedwa, anyamata anangokhala pamthunzi, koma madzulo anafuna ndalama yawo, ndipo sanalakwe. Chilichonse mwa izi pachokha ndi kanthu kochepa, n'chifukwa chake sichilembedwa. Titaziphatikiza zinaposa phindu lonse limene iye ankaganiza kuti wapeza pa mpandawo.

Nyumba yayikulu ija, imene ankainyadira mpaka kuiika pa WhatsApp, inali chikomekome cha mkuyu. Mwini wake ankabwera Loweruka lililonse ndi maganizo atsopano. "Amisiri, windo ili mulikulitse pang'ono." "Apa tangoikanipo kakhonde, si zambiri." Mmisiri, poopa kukhumudwitsa bwana, ankangoti, "Musadandaule bwana, tipanga." Kukulitsa windo ndiko kugumula khoma, kuumba lintala ina, kupakanso pulasitala, ndi tsiku lathunthu la anthu awiri. Palibe ngakhale chimodzi chinalembedwa, choncho palibe ngakhale chimodzi chinalipidwa. Ine ndimalangiza kuti chosintha chilichonse chikhale ndi mtengo wake ntchitoyo isanagwiridwe, ngakhale ndi uthenga wa pa foni wa mizere iwiri, mwini nyumba n'kuyankha kuti wavomera. Ena amati zimenezi n'zamwano. Mkangano wa kumapeto, pamene aliyense akukumbukira zakezake, ndi umene umadanitsa anthu zenizeni.

Ntchito yokhayo yomwe inabweretsa ndalama inali kabafa ka ku Kawale, komwe iye ankakatcha kaganyu: masiku anayi, mnyamata mmodzi, madzi ali pomwepo, matailosi wagula mwini wake.

Pali ndalama zina zimene sizili za ntchito imodzi koma zimatuluka ndithu. Mayunitsi ndi bandulo, minibasi kapena kabaza popita kukaona ntchito zomwe pamapeto pake simunazipeze, wilibala yomwe yathyoka, makina odulira zitsulo amene apsa, lendi ya kashedi kosungiramo zida, ndalama yolembetsera ku bungwe la boma loyang'anira zomangamanga chaka ndi chaka ngati muli olembetsa. Zimenezi muziphatikize za mwezi wonse, n'kuzigawa ndi masiku amene mumagwiradi ntchito. Tingoyerekeza: ngati pa mwezi zikukwana K300,000 ndipo mumagwira masiku 20, ndiye kuti tsiku lililonse limene muli pa sayiti lili ndi K15,000 yake. Mpanda wa masiku 12 uyenera kusenza K180,000, ndipo ngati mu kotesheni mulibe, yachoka m'kamwa mwa ana anu.

Malipiro anu nawonso alembedwe. Apa pamavuta kumvana. Mmisiri amene amagwira yekha chipande pamodzi ndi anyamata ake amatenga chotsala chonse n'kuchitcha phindu. Koma mukanadwala, mukanalemba mmisiri wina n'kumulipira pa tsiku. Ndalama imeneyo ndi leba, ndi mtengo wa ntchitoyo. Phindu ndi chimene chatsala mutadzilipira kale, ndipo ndi chimene chimagula zida zatsopano kapena kukudyetsani mu Febuluwale. Komanso powonjezera phindu muzisamala ndi samu yake. Ntchito yodya K1,000,000 mukaikapo K20 pa K100 iliyonse, mtengo ukhala K1,200,000. K200,000 imeneyo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a ndalama yomwe mwalandira. Mwini nyumba akanenerera kuti muchotseko 10 peresenti, wachotsa K120,000, ndipo mwatsala ndi K80,000 yokha.

Nanga mitengo ikasintha ntchito ili m'kati? Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 n'kufika cha m'ma K1,700. Malata, zitsulo, penti, mawaya a magetsi ndi mapaipi, zambiri mwa izi zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zakunja, choncho m'mahadiweya mitengo inasintha m'masiku ochepa. Amene anali atasainira mtengo mu Okutobala koma zipangizo asanagule, anamanga ndi ndalama zawo. Kotesheni yanu izikhala ndi tsiku lothera, milungu iwiri ndi yokwanira, ndipo dipoziti ikalowa gulani zipangizo zikuluzikulu sabata yomweyo.

Amene mumagwira ntchito za mabungwe ndi za boma mukudziwanso kuti ndalama siibwera yathunthu. Amadulapo msonkho wa MRA ndalamayo isanafike m'manja mwanu, ndipo kawirikawiri amasungako gawo lina kwa miyezi ingapo kuti aone ngati khoma silichita ming'alu. Ndalama yosungidwayo ndi yanu, koma simungagulire simenti lero. Ilembeni payokha, ndi tsiku loti mukaifunse.

Kachitidwe kake sikafuna kompyuta. Gulani kope la ana a sukulu, limodzi pa ntchito iliyonse, dzina la sayiti pachikuto. Tsamba loyamba mukopere kotesheni yanu monga momwe munaiwerengera. Masamba otsatira, madzulo aliwonse musanavule nsapato, lembani tsiku, chimene mwagula kapena amene mwamulipira, ndi ndalama yake, ngakhale ya ndowa za madzi. Lembaninso anthu amene anali pa sayiti tsikulo. Matumba atatu a simenti akachoka ku Area 49 kupita ku Area 25, alembedwe m'makope onse awiri. Loweruka lililonse yerekezani ndi tsamba loyamba lija: ngati khoma lili pa theka koma simenti yapita magawo atatu mwa anayi, mwadziwa nthawi ikadalipo, mukhoza kufufuza ngati ikuwonongeka posakaniza kapena ikutuluka pa geti.

Ntchito ikatha kopelo musataye, chifukwa ndi limene lidzakuuzeni mtengo wa ntchito yotsatira. Mmisiri uja atabweranso patapita miyezi, anali ndi makope anayi omangidwa ndi mphira. Munthu wina anali atamuitana kukamanga mpanda kudera lina lopanda mpopi, ndipo asanatchule mtengo uliwonse anayamba wafunsa kuti madzi amatunga kuti, komanso ndowa imodzi ndi ndalama zingati.