PhD ya Educational Technology si yokonza makompyuta

Anthu ambiri mu Blantyre muno akamva kuti mphunzitsi akuchita PhD (digiri yapamwamba kwambiri ya ku yunivesite) ya Educational Technology, kutanthauza kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zamakono pophunzitsa, amaganiza kuti akuphunzira kukonza makompyuta ngati anyamata a ku Limbe aja. Ayi ndithu. Funso lomwe mphunzitsiyo amalimbana nalo ndi lotere: mwana wa Sitandade 2 ku Ndirande akagwira tabuleti, akuphunziradi kuwerenga kapena akungodinadina zithunzi?

Ku America wophunzira PhD imeneyi amayamba ndi zaka ziwiri kapena zitatu m'kalasi, kuphunzira momwe munthu amaphunzirira, kakonzedwe ka maphunziro ndi masamu a kafukufuku. Kenako pali mayeso aakulu, ndipo sayamba kafukufuku wake asanawakhoze. Ku Britain makalasi ndi ochepa, pafupifupi zonse ndi kafukufuku. Konseko amamaliza poyankha mafunso a akatswiri pa zomwe wapeza.