Nthawi ya chakudya, moni ndi mayina: zomwe zimasokoneza mlendo ku Spain

Munthu wochokera kwathu akafika ku Madrid kapena ku Sevilla, njala ndiyo imayamba kumuvuta chinenero chisanamuvute. Nkhomaliro kumeneko imadyedwa pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko masana, ndipo mgonero suyamba 9 koloko usiku isanakwane. Mukalowa m'lesitilanti 12 koloko mupeza ophika akadasenda mbatatesi. Mukapita 7 koloko madzulo, khitchini n'kuti idakali yotseka.

Chifukwa china n'chakuti mu 1940 boma la Franco, yemwe ankalamulira Spain panthawiyo, linakankhira wotchi ya dzikolo kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo sinabwezedwenso. M'miyezi yotentha amawonjezeranso ola lina, moti ku Madrid dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 2 koloko, ndipo mu Juni limalowa 10 koloko usiku ili pafupi. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi ya ku Madrid imafanana ndi ya ku Lilongwe, koma abale kumudzi akamakagona, kumeneko ana akadasewera panja.

Eni dziko sapirira njala. Cha m'ma 11 koloko amadya kasangweji ndi khofi, ndipo cha m'ma 6 madzulo amadyanso kenakake. Chitani chimodzimodzi. Chakudya chachikulu ndi nkhomaliro, ndipo m'kati mwa sabata malesitilanti ambiri amagulitsa menú del día: mbale ziwiri, buledi, chakumwa ndi chipatso kapena khofi, zonse pamtengo umodzi. Mukatha kudya musadzuke msanga. Kucheza patebulo mbale zitatha, komwe amati sobremesa, ndi mbali ya chakudyacho, ndipo mlendo wothamangira pakhomo amaoneka ngati sanasangalale. Woperekera zakudya sabweretsa bilu mpaka mutaipempha, chifukwa kuibweretsa kuli ngati kukuthamangitsani. Timasitolo tating'ono tambiri timatseka kuyambira 2 mpaka 5 koloko, ndipo za kubanki ndi maofesi a boma muzithane nazo m'mawa.

Nkhani ya ulemu ndiyo imapweteka mtima kwambiri. Ife tinakula tikuti "inu" kwa aliyense wamkulu, choncho pakamwa pamathamangira usted, yemwe ndi "inu" wa m'Chisipanishi. Koma ku Spain ophunzira amati tú ("iwe") kwa aphunzitsi awo, wantchito kwa bwana wake, n'kuwatchulanso dzina loyamba. Mukati usted kwa mnzanu wa kuntchito, iye amaganiza kuti mukumutalikira kapena mukumuona ngati nkhalamba. Usted musungire okalamba omwe simukuwadziwa, apolisi ndi akuluakulu a m'maofesi. Izi si za mayiko onse olankhula Chisipanishi: ku Costa Rica ndi m'madera ena a Colombia usted amamveka ngakhale pakati pa anthu a banja limodzi.

Kuwerama ndi kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu, komwe kwathu ndi khalidwe labwino, kumeneko kumaoneka ngati mukubisa zinazake. Yang'anani munthu m'maso. Akakudulani mawu musakhumudwe, n'chizindikiro chakuti nkhani yamukoka, ndipo wodikira kuti onse akhale chete sadzalankhula. Popatsana moni, mkazi ndi mkazi kapena mkazi ndi mwamuna amagundanitsa masaya kawiri, kuyamba ndi tsaya lamanja, milomo osakhudza. Amuna okhaokha amagwirana chanza. M'mayiko ambiri a Latin America amagundanitsa kamodzi. Ngati simukumasuka nazo, tambasulani dzanja msanga mukumwetulira munthuyo asanayandikire. Kubweza mutu iye atawerama kale n'kumene kumachititsa manyazi.

Pamsika kapena kogula buledi mzere suoneka, koma ulipo. Mukafika funsani kuti "¿Quién es el último?" (womaliza ndani?), wina ayankha, ndipo inu mudzagula pambuyo pa iyeyo.

Pa mayina m'pofunika kusamala zedi, chifukwa cholakwika chimalowa m'makompyuta a boma. Munthu wa ku Spain amakhala ndi mayina awiri a banja, lina la kwa bambo ndi lina la kwa mayi, ndipo mkazi akakwatiwa sasintha dzina. Musamatchule mayi ndi dzina la mwamuna wake monga timachitira kwathu. Mafomu amakhala ndi mabokosi atatu: nombre (dzina loyamba), primer apellido (dzina la banja loyamba) ndi segundo apellido (dzina la banja lachiwiri). Wa kwathu amene ali ndi mayina awiri oyamba ndi limodzi la banja, kalaliki amatha kutenga dzina lapakati n'kuliyesa la banja. Zikatero dzina la kubanki limasiyana ndi la kuchipatala, ndipo kukonza kumadya nthawi. Lembani mayina oyamba onse m'bokosi la nombre, la banja mu primer apellido, lachitatulo mulisiye lopanda kanthu. Polembetsa kukhonsolo ya mzinda, komwe amati empadronamiento, werengani pepalalo musanachoke pawindo n'kuliyerekeza ndi pasipoti chilembo ndi chilembo, chifukwa pepala limeneli adzakufunsani kuchipatala ndi kusukulu ya ana.